Kanema wakana kukwana pa DVD: werengerani bitrate musanadine Export

Vutoli limabwera m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi iyi: mwamaliza kudula ndi kulumikiza kanema wa maola awiri, mwadina Export, kompyuta yachezera usiku wonse, m'mawa mukupeza fayilo ya 22 GB, pomwe disiki yomwe ili m'manja mwanu yalembedwa 4.7 GB. Njira yachiwiri imabwera mukatopa nazo n'kusankha kafayilo kakang'ono. Kanema akukwanadi pa disiki, koma mukamuonera pa TV nkhope za anthu zasanduka timabokosi, ndipo kamera ikangotembenuka chithunzi chonse chikuphwanyika. Ambiri akafika apa amayamba kusinthasintha zinthu mwachisawawa. Lero ayesa MP4, mawa AVI, mkuja achepetsa chithunzi, ndipo ulendo uliwonse akudikira maola angapo kuti aone chomwe chituluke.

Kuyesayesa kotereku n'kosafunikira, chifukwa kukula kwa fayilo mungathe kukudziwa pa pepala musanadine chilichonse. Kumachokera pa zinthu ziwiri basi: kutalika kwa kanema ndi bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa data yomwe sekondi iliyonse ya kanemayo yapatsidwa. Dzina lakumapeto kwa fayilo, kaya ndi MP4, MOV kapena MKV, silichepetsa kanthu, poti limenelo ndi thumba chabe lomwe zithunzi ndi mawu zaikidwamo. Ngakhale kukula kwa chithunzi pakokha sikusintha fayilo. Kanema wa 1080p ndi wa 720p, onse akapatsidwa 5 Mbps kwa ola limodzi, amatuluka ofanana kukula. Amasiyana maonekedwe okha.

Masamu ake

Bitrate imayezedwa m'ma megabit pa sekondi, Mbps, pomwe fayilo imayezedwa m'ma megabyte, MB. Byte imodzi ili ndi ma bit 8, ndiye mukachulukitsa bitrate ndi masekondi, gawani ndi 8. Kanema wa 1 Mbps kwa ola limodzi ndi 3,600 kugawa ndi 8, zomwe zikupereka 450 MB. Nambala imeneyi ndi yofunika kuiloweza. Fayilo ya 22 GB ija yachokera pamenepa: pulogalamu inasiyidwa pa 25 Mbps, ndipo 25 kuchulukitsa ndi 450 kuchulukitsanso ndi maola awiri ndi 22,500 MB. Palibe chomwe chalakwika mu kompyuta, yangochita zomwe inauzidwa.

Tsopano tembenuzani masamuwo, muyambire ku disiki. DVD wamba imalowa 4,700 MB, omwe ndi ma megabit 37,600. Musawerengere onsewo, chifukwa menyu, timafayilo totsogolera makina ndi kulukana kwa mawu ndi zithunzi zimadyako malo. Tengani 36,000 kuti mukhale pabwino. Mukagawa 36,000 ndi masekondi 60 a mphindi imodzi mupeza 600, ndipo apa ndi pomwe pachokera njira yachidule yomwe okonza ma DVD amagwiritsa ntchito: 600 kugawa ndi mphindi za kanema wanu, yankho lake ndi bitrate yonse ya zithunzi ndi mawu pamodzi. Kanema wa mphindi 100 apeza 6 Mbps. Wa mphindi 120 apeza 5. Wa mphindi 150 apeza 4. Kenako chotsaniko gawo la mawu, chotsalacho ndicho mulembe m'bokosi la bitrate ya zithunzi.

Pa mawupa ndi pomwe anthu ambiri amatayira malo osadziwa. Mapulogalamu ena amasiya mawu ali PCM, osafinyidwa, ndipo PCM ya 48 kHz, 16 bit, stereo imadya 1.536 Mbps. Pa kanema wa maola awiri zimenezi zikukwana pafupifupi 1.4 GB, kuposa limodzi mwa magawo anayi a disiki yonse, kungothera mawu. Mawu omwewo mukawaika mu Dolby Digital, yomwe imatchedwanso AC-3, pa 192 kbps (0.192 Mbps), adya 173 MB yokha, ndipo pa zolankhula khutu la munthu wamba silimva kusiyana. Pa maola awiri, kusankha kumeneku kumapatsa zithunzi 4.8 Mbps m'malo mwa 3.5, ndipo kusiyana kumeneko maso amakuona bwino lomwe. PCM isungireni kanema wamfupi wa nyimbo, wosafika ola limodzi, pomwe malo ndi ambiri.

Kanema akakhala wamfupi, masamuwa angakupusitseni. Wa mphindi 40 akupereka 15 Mbps, koma DVD siyilola zimenezo. Malire a zithunzi ndi 9.8 Mbps, ndipo zonse pamodzi siziyenera kupitirira 10.08 Mbps. Ine sindifika n'komwe pamalire pamenepo. Disiki yobenedwa pa kompyuta siwerengeka mosavuta ngati yopangidwa kufakitale, ndipo makina ena akale amayamba kudodoma bitrate ikakwera kwambiri. Kuima pa 8 Mbps n'kokwanira, disiki itsale ndi malo palibe vuto.

Fayilo ndi 4.5 GB, disiki ndi 4.7 GB, koma ikukanabe

Ili ndi dandaulo lomwe limabwerezedwa kwambiri, ndipo munthu amaona ngati wagulitsidwa disiki yabodza. Disikiyo ilibe mlandu. Opanga ma disiki amati GB imodzi ndi ma byte 1,000,000,000, pomwe Windows imati GB imodzi ndi ma byte 1,073,741,824. Mukatenga ma byte 4,700,000,000 n'kuwawerenga momwe Windows imawerengera, mupeza 4.38 GB. Ndiye fayilo yomwe Windows ikuti ndi 4.5 GB ili ndi ma byte opitirira 4,800,000,000, ndipo singakwane ngakhale mutayesa kakhumi. Dinani kumanja pa fayiloyo, tsegulani Properties, muone nambala yaitali ya ma byte. Imeneyo ndiyo yoona. Disiki ya magawo awiri yolembedwa 8.5 GB imaoneka ngati 7.95 GB, ndipo Blu-ray ya 25 GB imaoneka ngati 23.3 GB, pa chifukwa chomwechi.

Ngati mwapitirira pang'ono chonchi, musafulumire kufinya fayilo yomwe yatulukayo kachiwiri. Bwererani ku pulojekiti, tsitsani bitrate pang'ono, mutulutsenso. Chifukwa chake chimveka tikaona zomwe kufinya kumachita.

Zomwe zimachitika kanema akamafinyidwa

Chithunzi chimodzi cha 1920 x 1080 chili ndi timadontho 2,073,600. Kadontho kalikonse kakapatsidwa ma byte atatu a mtundu, chithunzicho chikukwana 6.2 MB, ndipo zithunzi 25 pa sekondi zikukwana 155 MB. DVD yonse ingadzaze pa masekondi 30. Choncho kanema aliyense yemwe munaonerapo pa disiki, pa foni kapena pa intaneti ndi wofinyidwa, ngakhale amene wangochoka kumene mu kamera.

Ntchito yofinya imagwiridwa ndi kapulogalamu kotchedwa codec, ndipo codec imachita zinthu ziwiri. Choyamba, mkati mwa chithunzi chimodzi imataya tinthu ting'onoting'ono tomwe diso silitsata kwenikweni, makamaka pa mitundu, poti diso limazindikira kuwala kuposa mtundu. Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe malo ambiri amapulumuka, siyisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chathunthu chimodzi, chotchedwa I-frame, kenako pa zotsatira imangolemba zomwe zasintha. Munthu akamalankhula ataima kutsogolo kwa khoma, khomalo silisintha, ndiye codec imangoti khoma likhale lomwelija, n'kulemba za milomo ndi manja okha. Pa DVD ya PAL, dongosolo la TV la zithunzi 25 pa sekondi, gulu la zithunzi zodalirana chonchi silipitirira 15, kutanthauza kuti chathunthu chimabwera pafupifupi kawiri pa sekondi.

Mukamvetsa zimenezi mudziwa chifukwa chomwe 4 Mbps imaoneka bwino pa kanema wina koma n'kunyansa pa wina. Munthu wokamba nkhani, kamera ili pa miyendo yake itatu, safuna data yambiri. Koma madzi oyenda, mvula, masamba ogwedezeka ndi mphepo, utsi, khamu la anthu ovina, magetsi othwanima, mpira womwe kamera ikuuthamangitsa uku ndi uku, zonsezi zimasintha chithunzi chonse nthawi imodzi, ndipo codec ilibe poti ibwereze. Data ikaperewera imayamba kupaka timabokosi. Choipa kwambiri ndi kanema wojambulidwa mumdima, uja amakhala ndi timadontho tonyerenyetsa ngati mchenga. Kwa codec mchengawo ndi zinthu zomwe zikusintha pa chithunzi chilichonse, ndiye imawononga data yambiri kusunga zinyalala, nkhope n'kutsala zopanda kanthu. Kamera yogwidwa m'manja yomwe ikunjenjemera imachitanso chimodzimodzi. Pa kanema wotere, kuchotsako mchenga pang'ono ndi kukhazika chithunzi mu pulogalamu yokonzera musanatulutse kumathandiza kuposa kuwonjezera theka la megabit.

Zomwe codec yataya sizibwerera. Mukafinya fayilo yofinyidwa kale, codec yachiwiri imaona timabokosi ta yoyamba ngati mbali ya chithunzi, n'kuwonjezerapo take. N'chifukwa chake kubwerera ku pulojekiti kumaposa kufinya kawiri. Pa chifukwa chomwechi, kukweza bitrate ya kanema yemwe anawonongeka kale kumangotupitsa fayilo, maonekedwe ake sasintha. Ndipo ZIP kapena RAR musavutike nazo. Zimenezo zimafuna zinthu zobwerezabwereza mu fayilo, koma codec inazichotsa kale, ndiye fayilo ya 6 GB ituluka pafupifupi 6 GB yomweyo.

CBR, VBR ndi kudutsa kawiri

M'bokosi la Export mupeza mawu awa. CBR imapatsa sekondi iliyonse data yofanana, kaya pali munthu wongokhala kaya pali chipwirikiti. Imathamanga, kukula kwa fayilo kumadziwikiratu, ndipo pa kanema wosafika ola limodzi pa 8 Mbps palibe chifukwa chofunira china. Kanema akatalika, bitrate n'kutsika kufika 6 kapena kuchepera, sankhani VBR, yomwe imasinthasintha data malinga ndi kuvuta kwa chithunzi, ndipo ikhale ya 2-pass, kutanthauza kudutsa kanema kawiri. Ulendo woyamba pulogalamu imangoonera kanema yense n'kuzindikira malo ovuta, ulendo wachiwiri imalanda data pa malo odekha n'kukaipereka pa malo ovutawo. Nthawi yodikira imakhala pafupifupi kawiri, koma pa disiki yothina phindu lake limaoneka. Nambala yomwe munapeza pa masamu aja ilembeni pa Target kapena Average, chifukwa ndi imeneyo yomwe imalamula kukula kwa fayilo. Pa Maximum lembani 8, ndipo Minimum ikhale yotsika, monga 2, kuti pulogalamu ipeze polanda.

Pali njira inanso yomwe imasokoneza anthu mu HandBrake ndi mapulogalamu ena ofinyira kanema, yotchedwa Constant Quality kapena CRF. Apa mumasankha maonekedwe, ndipo kukula kwa fayilo kumadziwika ntchito ikatha. Nambala ikakwera fayilo imachepa, ndipo kukweza ndi 6 kumachepetsa fayilo pafupifupi ndi theka. Njirayi ndi yabwino pa kanema wosunga mu kompyuta, koma ngati muli ndi malire a disiki imakusiyani mukungoyerekeza. Sankhani bitrate yapakati ndi 2-pass.

Fayilo yakwana, disiki yabenedwa, koma makina a DVD akukana kuisewera

Apa pasokonekera zinthu ziwiri zosiyana: disiki yosungira mafayilo ndi DVD ya kanema. Mukakoka fayilo ya MP4 n'kuibena pa disiki, mwapanga disiki ya data. Kompyuta iisewera, koma makina a DVD olumikiza ku TV ambiri sangaiwerenge. DVD ya kanema, yomwe inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, ili ndi malamulo ake okhwima. Zithunzi zimakhala zofinyidwa ndi codec ya MPEG-2, zazikulu 720 x 576 pa zithunzi 25 pa sekondi ngati ndi PAL, kapena 720 x 480 pa 29.97 ngati ndi NTSC, dongosolo la TV la ku America ndi Japan, ndipo zonse zimakhala mu foda ya VIDEO_TS, momwe muli mafayilo a VOB, IFO ndi BUP. Foda imeneyi imamangidwa ndi pulogalamu yopangira DVD, monga DVDStyler yomwe ndi yaulere. HandBrake siyipanga DVD ya mtundu umenewu. Mukaona kanema wanu wadulidwa m'mafayilo a VOB angapo a 1 GB iliyonse, musadandaule, ndi momwe DVD imakhalira, ndipo makina amawalumikiza osadukiza.

Zimenezi zikutanthauzanso kuti HD siyipita pa DVD ya kanema. Mungajambule ndi kamera ya 4K, komabe pa DVD chithunzi chitsikira ku 720 x 576, ndipo pa TV yaikulu chioneka chofewerapo. Si vuto la bitrate limenelo, ndipo kuikweza sikukonza. Ngati mwini kanema akufuna HD, njira ndi Blu-ray, yomwe inabwera mu 2006 ndipo imalola zithunzi mpaka 40 Mbps, kapena fayilo yofinyidwa ndi codec ya H.264 pa fulashi. H.264, ya mu 2003, imafinya mwanzeru kuposa MPEG-2, moti pa 5 Mbps yomweyo yomwe DVD ikuvutika nayo, iyo imatha kunyamula chithunzi cha HD chooneka bwino. H.265 ya mu 2013 imafinya koposa pamenepo, kungoti ma TV ndi makompyuta akale ambiri saidziwa, ndiye funsani kaye komwe kanemayo akaonetsedwe.

Chenjeraninso ndi pulogalamu yopangira DVD yomwe imafinya mwakachetechete. Mukaipatsa fayilo yosatsata malamulo a DVD, monga MP4, iyo imaisandutsa MPEG-2 payokha, pa bitrate yomwe yadzisankhira. Kukula kwa MP4 yanu sikukuuzani chilichonse za malo omwe itenge pa disiki: MP4 ya 1.5 GB ya maola atatu ikhoza kukana kukwana, pomwe fayilo ya tepi ya DV ya 13 GB, yomwe ndi ola limodzi lokha, ikwana popanda vuto. Chomwe chikuwerengedwa ndi mphindi. Njira yoyera ndi kutulutsa MPEG-2 ya DVD kuchokera mu pulojekiti mwachindunji, n'kuuza pulogalamu yopangira DVD kuti isakhudzenso zithunzi. Ikatenga maola ambiri pa ntchito yomwe imayenera kutha m'mphindi zochepa, dziwani kuti ikufinyanso. Ndipo menyu yokhala ndi kanema woyenda kumbuyo imadya malo ngati kanema wina aliyense, ndiye mphindi zake ziwonjezereni pa masamu.

Kanema wa maola atatu kapena kuposa

Masamu akupereka 600 kugawa ndi 180, pafupifupi 3.3 Mbps, ndipo mukachotsa mawu mutsala ndi 3.1. MPEG-2 pa 720 x 576 imavutika pamenepo, pokhapokha ngati kanemayo ndi wa munthu wongolankhula. Malamulo a DVD amalola chithunzi chatheka, 352 x 576, chomwe pa bitrate yotsika chimaoneka chofewa koma chopanda timabokosi, ndipo kwa ine chofewacho n'chopiririka kuposa chophwanyika. Disiki ya 8.5 GB imasintha nambala ija kuchoka pa 600 kufika pafupifupi 1,080, ndiye maola atatu apeza 6 Mbps, koma ili ndi pomwe makina amadumphira kuchoka gawo loyamba kupita lachiwiri, ndipo makina ena akale amakakamira pamenepo. Kugawa kanema pa ma disiki awiri wamba ndi njira yomwe siyikhumudwitsa kawirikawiri. Komanso yang'ananinso kanemayo ndi diso lopanda chisoni. Kudula mphindi 20 zomwe palibe adzazionere kumakweza maonekedwe a mphindi zonse zotsala, ndipo sikulira disiki ina.

Fulashi ili ndi malo ambiri koma ikukana fayilo

Ili si vuto la kanema. Fulashi ndi makadi ambiri amabwera ali pa FAT32, njira yosanjira mafayilo yomwe siyilola fayilo imodzi kufika 4 GB, ngakhale malo otsala atakhala 28 GB. N'chifukwa chakenso makamera ena amadula kanema wautali m'zidutswa. Sungani kaye zomwe zili pa fulashiyo kwina, poti kuifomata kumafufuta zonse, kenako ifomateni kukhala exFAT. Koma ngati fulashiyo ikukalowa mu TV yakale yomwe imangodziwa FAT32, siyani momwe ilili, n'kutulutsa fayilo yosafika 4 GB ndi masamu omwe aja: pa maola awiri, 4 Mbps ya zonse pamodzi ikupereka 3,600 MB, ndipo ikwana. Pobena fayilo yaikulu chonchi pa disiki ya data, sankhani njira yosanjira mafayilo ya UDF mu pulogalamu yobenera, chifukwa ISO 9660 yakale nayonso ili ndi malire pa kukula kwa fayilo imodzi.

Musanasiye kompyuta usiku wonse, sankhani mphindi ziwiri zovuta kwambiri mu kanema wanu, pomwe pali mdima kapena kuyenda kwambiri, muzitulutse ndi bitrate yomwe mwawerengera, n'kuzionera pa TV osati pa kawindo kakang'ono ka pulogalamu. Tsegulaninso kafayiloko mu MediaInfo, pulogalamu yoonetsa zomwe zili mkati mwa fayilo, muone ngati bitrate ndi mtundu wa mawu ndi zomwe munalembadi, poti mapulogalamu ena amabwezera zinthu pomwe zinali mukasintha preset, kutanthauza zosankha zoikidwiratu. Foda ya VIDEO_TS ikamangidwa, iseweretseni mu pulogalamu yoonera kanema ya VLC isanapite pa disiki, muyese menyu, mudumphire kumapeto muone ngati mawu akuyenderabe limodzi ndi milomo.

Ndipo ngati disiki ikusewera bwino koyamba koma n'kumakakamira mphindi zomalizira, kumbukirani kuti DVD imalembedwa kuchokera pakati kupita kunja, ndiye mathero a kanema amakhala m'mphepete, momwe zala zimagwira ndiponso momwe ma disiki osalimba amayambira kulephera. Benaninso pa liwiro lotsika, monga 4x kapena 6x m'malo mwa 16x, yatsani Verify kuti pulogalamu iwerengenso zomwe yalemba, ndipo ngati disikiyo inadzaza mpaka pakamwa, tsitsani bitrate kuti m'mphepetemo mutsale ma MB 200 osalembedwa.